Ndani Amauza Sikirini Mmene Iwalire?

Ngati foni ili pafupi, taitolani. Tsetserezani chala kuchokera pamwamba pa sikirini, muona kamzere kokhala ndi chizindikiro cha dzuwa. Mukakakokera kumanja, sikirini imati ngwee. Mukakabweza kumanzere, kuwala kumazilala. Zimenezi ngakhale mwana wa sitandade 1 amazidziwa. Koma pali munthu amene anagamula kuti kumapeto kwenikweni kumanzereko kuwala kulekezere pamenepo, osatsikanso. Munthu yemweyo ndi amene anasankha masitepe amene kuwalako kumaponda pokwera, ndiponso mmene sikirini iziwalira mukangoyatsa chipangizo chanu.

Munthuyo ndi injiniya amene anakhala pansi n'kulemba timizere tosakwana 10 m'fayilo yofotokozera makina zipangizo zimene ali nazo. Timizereto ndi tochepa, moti ambiri amangokopera kwa anzawo osatiyang'ananso kawiri. Ine maganizo anga ndi akuti pa timizere timeneti ndi pamene pamaonekera ngati wopanga chipangizo anaganizira maso a munthu amene adzachigwire usiku, komanso batire imene munthuyo amatchajitsa ndi ndalama zake. Lero tilowa m'fayilo imeneyo. Musaope kuti nkhani ndi ya akatswiri okha. Tiyenda pang'onopang'ono.

Tiyambe ndi nyale. Sikirini ya mtundu wa LCD, imene ili pa mafoni ambiri otsikirako mtengo, pa malaputopu, pa makina otapira ndalama ndi pa zipangizo za kuchipatala, siitulutsa kuwala payokha. Ntchito yake ndi kutseka ndi kutsegula njira ya kuwala, kadontho ndi kadontho, kuti chithunzi chioneke. Kuwala kwenikweniko kumachokera ku timababu ta LED tondandalikidwa m'mphepete kapena kuseri kwa galasi, ndipo pamakhala pulasitiki wopyapyala amene amakumwaza kuti kufike ponseponse mofanana. Nyale yakuseriyi ndi imene amati backlight. Amisiri okonza mafoni mumsika wa Limbe kapena wa Lilongwe amaidziwa bwino. Mukawapititsira foni yoti ikulira koma sikirini ili bii, amayamba aunika ndi tochi pafupi ndi galasi. Akaona zilembo zikuonekera chapansipansi, amadziwa kuti galasi ndi lamoyo, chafa ndi nyale kapena chimene chimaiyatsa.

Kale nyalezi zinali timachubu ta mpweya wa mercury totchedwa CCFL, tofuna mavoti mazanamazana kuti tiyake. LED yoyera inatheka chifukwa cha ntchito ya akatswiri atatu obadwira ku Japan, Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, amene anapeza njira yopangira LED yowala kwambiri ya buluu, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2014. Mafoni a mtundu wa OLED alibe nyale yakuseri, kadontho kalikonse kamadziwalira kokha. Amenewo tiwasiye kaye pambali.

Nanga kuwala kwa LED amakuchepetsa bwanji? Munthu angaganize kuti amangotsitsa magetsi opita ku nyale. Njira imeneyo ilipo ndithu, koma ikafika pansi kwenikweni imavuta, chifukwa mtundu wa kuwala umayamba kusintha ndipo timababu tina timawala kuposa tinzake. Choncho opanga ambiri anasankha njira ina. Amayatsa nyale ndi mphamvu yake yonse, n'kuizimitsa, n'kuiyatsanso, kambirimbiri pa sekondi imodzi, mofulumira moti diso silitha kutsatira. Nyale ikamakhala yoyaka theka la nthawi, kuwala kofika kwa inu ndi theka. Ikamayaka gawo limodzi mwa magawo 10, kuwalanso kumatsika chimodzimodzi. Njira imeneyi dzina lake ndi PWM. Sungani zinthu ziwiri m'mutu, tizifuna kutsogoloku: nthawi imene kuyaka ndi kuzima kumodzi kumatenga, ndi gawo la nthawiyo limene nyale imakhala yoyaka.

Tsono pulogalamu yaikulu yoyendetsa chipangizo, tinene kuti Linux, imene Linus Torvalds anayamba ku Helsinki mu 1991 ndipo lero ili pansi pa foni iliyonse ya Android, siingadziwe payokha kuti nyale yalumikizidwa pa mwendo uti wa chip. Mukalowetsa fulashi pa USB, fulashiyo imadzitchula yokha kuti ndine wakuti. Waya wa nyale satchula kanthu. Pamafunika munthu woti alembe kuti pa bolodi iyi pali nyale yamtundu wakutiwakuti, imayatsidwa ndi mwendo uwu, imadya magetsi ochokera apa.

Kwa zaka zambiri, pa makina oyendera ma chip a ARM, zimenezi zinkalembedwa m'kati mwa pulogalamu momwemo. Bolodi iliyonse inali ndi fayilo yakeyake m'chilankhulo cha C, ndipo mafayilowo anachuluka, akubwerezana, ena akusemphana. Mu Malichi 2011 Torvalds anakalipa poyera kuti chipwirikiti cha ARM chafika posauzana. Mwamwayi njira yotulukira inalipo kale. Kampani ya Sun Microsystems inali itayambitsa dongosolo limene linadzatchedwa Open Firmware, linakhala muyezo wa IEEE 1275 mu 1994, ndipo makompyuta a Apple a nthawi ya PowerPC ankaligwiritsa ntchito. M'dongosolo limenelo zipangizo zonse za makina zinkafotokozedwa mwa nthambinthambi, chachikulu pamwamba, zazing'ono zolumikizidwa pansi pake. Akatswiri a Linux pa PowerPC anali atatengera kale luso limeneli, ndipo Grant Likely wa ku Canada ndi anzake analibweretsa ku ARM. Ndi chimene lero chimatchedwa device tree.

Kagwiridwe kake n'kosavuta. Injiniya amalemba fayilo ya mawu wamba yothera ndi zilembo dts. Kapulogalamu kotchedwa dtc kamaipanikiza kukhala kafayilo ka makina kothera ndi dtb. Chipangizo chikamayaka, pulogalamu yodzutsa makina, imene kawirikawiri imakhala U-Boot, imapereka kafayiloko kwa Linux, ndipo Linux amawerenga n'kudziwa driver woti aitane pa chipangizo chilichonse, kutanthauza kapulogalamu kochiyendetsa. Driver mmodzi yemweyo amatumikira mabolodi mazanamazana. Chimene chimasiyana ndi kufotokozako basi.

Tiyeni tsopano titsegule ndime ya nyale, monga mmene ilili m'chitsanzo chimene chili m'zolemba za Linux zomwezo. Mzere woyamba umati compatible, ndipo patsogolo pake pamalembedwa pwm-backlight. Umenewu ndi mzere woitana driver. Mukalakwitsa chilembo chimodzi chokha, driver sabwera, ndipo sikirini imakhala mumdima kapena imangowala osamvera kamzere kaja.

Mzere wachiwiri umati pwms. Umatchula kagawo ka chip kamene kamayatsa ndi kuzimitsa, nambala ya njira yake, kenako nambala yaikulu, 5,000,000. Nambalayi ndi nthawi ya kuyaka ndi kuzima kumodzi, yowerengedwa m'timagawo totchedwa nanosecond, tomwe timakwana 1 biliyoni pa sekondi imodzi. Mukagawa mupeza kuti nyale yotereyi imayaka ndi kuzima ka 200 pa sekondi. Tibwereranso pa nambala imeneyi, chifukwa ili ndi nkhani yakeyake.

Mzere wachitatu ndiwo mwini nkhani. Umati brightness-levels, ndipo m'chitsanzomo muli manambala 8. Mvetserani bwino mmene akukwerera: 0, 4, 8, 16, 32, 64, 128, 255. Lamulo lake ndi lakuti 0 ndi nyale yozima, ndipo nambala yomaliza, kaya ikhale yanji, ndi nyale yoyaka nthawi yonse. Ena apakatiwo amayezedwa poyerekeza ndi yomalizayo. Choncho 128 ndi pafupifupi theka la nthawi, 64 ndi kota, ndipo 4 ndi kachigawo kosafika 2 peresenti.

Mwina mwadabwa kuti manambalawa sakukwera mofanana. Kuchoka pa 4 kufika pa 8 pangowonjezeka 4, koma kuchoka pa 128 kufika pa 255 pawonjezeka 127. Wophunzira masamu angati mndandandawu ndi wokhota, bwanji osagawa 255 m'masitepe ofanana, 36, 73, 109, mpaka pamwamba? Ambiri amachitadi zimenezo poganiza kuti akukonza, ndipo amapanga chipangizo chozunza maso.

Chifukwa chake chili m'diso la munthu. M'nyumba ya mdima wa ndiweyani mukayatsa kandulo imodzi, chilichonse chimasintha. Mukayatsa yachiwiri, mumaonabe kuti kwawala. Koma m'nyumba moyaka kale makandulo 20, wina akayatsa ina imodzi simudziwa n'komwe, chonsecho kuwala kumene yawonjezera n'kofanana ndi kwa yoyamba ija. Diso limayeza kuwala kwatsopano poyerekeza ndi kumene kulipo kale. Akatswiri awiri a ku Leipzig, Ernst Weber ndi Gustav Fechner, anafufuza zimenezi m'zaka za m'ma 1800, ndipo buku la Fechner lofotokoza lamuloli linatuluka mu 1860. Pambuyo pake bungwe loona za miyezo ya kuwala la CIE, limene likulu lake lili ku Vienna, linapanga masamu osonyeza mmene diso limaonera. Masamuwo amati chimene diso limachiona ngati pakatikati pa mdima ndi kuwala konse ndi pafupifupi 18 peresenti yokha ya kuwala kwenikweniko.

Taganizirani tsono za mndandanda wa masitepe ofanana uja. Sitepe yake yoyamba, 36 mwa 255, ndi 14 peresenti. Ku diso, imeneyo yayandikira kale theka la kuwala konse. Ndiye kuti mwini chipangizo akafuna kuchepetsa kuwala usiku, ali ndi zosankha ziwiri zokha, kuthobwa m'maso kapena mdima wa bii. Pamene kumtunda kuja kuli masitepe anayi kapena asanu amene ku diso amasiyana pang'ono chabe. Masitepe awonongekera kumene sakufunika, ndipo asowa kumene akufunika. Mndandanda wochulukitsa kawiri pa sitepe iliyonse uja umapereka masitepe ambiri pansi, kumene diso lili tcheru. Ndiye wabwinopo, ndipo sindikuona chifukwa choti munthu atsutsire zimenezi.

Masamu omwewa ali ndi uthenga wa batire. Nyale ikatsika kuchoka pa 255 kufika pa 128, magetsi amene timababu tikudya amatsika ndi pafupifupi theka, koma diso limaona ngati kuwala kwangotsika ndi kota. Kwa munthu wa kumudzi amene amatchajitsa foni pa sola ya pagolosale, kapena wa m'tauni pa tsiku limene magetsi azima, phindu lake ndi lalikulu, chifukwa sikirini ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimadya batire kwambiri pa foni.

Mzere wachinayi ndi umene umagwetsa ambiri. Umati default-brightness-level, kutanthauza kuwala kumene sikirini iziyambira ikangoyaka, ndipo m'chitsanzomo palembedwa 6. Komatu 6 ameneyu si mlingo wa kuwala ayi. Ndi malo a pa mndandanda, ndipo makompyuta amayamba kuwerenga pa 0. Werengani nane: malo 0 pali 0, malo 1 pali 4, malo 2 pali 8, kupitirira choncho mpaka malo 6 pamene pali 128. Injiniya wofulumira amalemba 128 pamenepo poganiza kuti akupempha theka. Driver amayang'ana mndandanda, amapeza kuti malo ake amathera pa 7, amalemba kachenjezo m'kaundula wa makina kamene ambiri sawerenga, n'kuyatsa nyale pa mlingo wapamwamba kwambiri. Chipangizo chimapita kumsika chikuyamba ndi kuwala kothobwa nthawi iliyonse chikayatsidwa, batire ikutha msanga, ndipo wogula amangoti zinthu za masiku ano n'zosalimba.

Masitepe 8 ndi ochepa. Mukakoka kamzere kaja, kuwala kumadumphadumpha moonekeratu. Pofuna kusalaza, anthu ankalemba manambala 256 kapena kuposerapo pamanja, fayilo n'kudzaza manambala okhaokha. Mu 2018 Enric Balletbo i Serra, amene panthawiyo ankagwira ntchito ku kampani ya Collabora, anawonjezera zinthu ziwiri mu driver ameneyu. Choyamba ndi mzere wotchedwa num-interpolated-steps: injiniya amangolemba manambala ochepa oti akhale zikhomo, n'kuuza driver kuti pakati pa chikhomo ndi chinzake aikepo yekha timasitepe tochuluka mwakuti. Chachiwiri, mndandanda ukapanda kulembedwa n'komwe, driver amadzipangira wake potsatira masamu a CIE aja. Komanso chenjerani, mukayatsa timasitepe tapakatito, malo oyambira aja amawerengedwa pa mndandanda wautaliwo, osati pa zikhomo zochepa zija. Amene waiwala kusintha 6 uja adzapeza sikirini ikuyamba ili pafupifupi yozima.

Palinso msampha wina wobisika. Mapulogalamu a pamwamba nawonso anaphunzira za diso. Kuyambira pa Android 9, mu 2018, kamzere ka kuwala kanakonzedwa kuti kazitsatira mmene diso limaonera. Tsono ngati mndandanda wa m'fayilo wakhotetsedwa kale, pulogalamu ya pamwamba n'kukhotetsanso, theka lonse la kamzere limakhala mdima ndipo kuwala kumabwera mwadzidzidzi chakumapeto. N'chifukwa chake mu 2019 Linux anawonjezera kafayilo kotchedwa scale, koti driver azinenerapo ngati masitepe ake ali ofanana kapena okhota, kuti wapamwambayo asabwereze ntchito yochitika kale.

Ndikufuna tikhalitse pang'ono pa sitepe yotsikitsitsa, chifukwa kwa ine ndi pamene pali mayeso enieni a mmisiri. Mndandanda ukayamba ndi 0, ndiye kuti munthu atha kukoka kamzere mpaka nyale kuzimiratu. Akatero sathanso kuona kamzereko kuti akabweze. Chipangizo chili moyo, koma mwini wake akuona ngati chafa, ndipo mawa akupita nacho kwa mmisiri kukalipira ndalama pa chinthu chosawonongeka. Vutoli ndi lodziwika, moti pulogalamu ya systemd, imene imakumbukira mlingo wa kuwala pa makompyuta ambiri a Linux, poyatsa makina siilola kubwezeretsa mlingo wotsikitsitsa kwambiri. Koma kuthawa 0 n'kuyambira pamwamba kwambiri ndi kulakwanso kwina. Namwino wa usiku amene akuyang'ana sikirini ya makina m'wodi ya makanda amafuna kuwala kongokwanira kuwerenga manambala, kosadzutsa ana kapena kumuchititsa iyeyo chidima akatembenuka. Sitepe yoyenera ili penapake pakati, ndipo siingapezeke pa pepala. Imapezeka pozimitsa magetsi a m'chipinda, kudikira maso azolowere, n'kuyesa nambala imodziimodzi.

Kachipangizo kamene kamapatsa timababu magetsi nakonso kali ndi malire. Kamafuna kanthawi kuti kadzuke. Mukakapatsa kanthawi koyaka kochepetsetsa, nyale siyaka konse, kapena imayaka mophethiraphethira. Buku la kachipangizoko limanena malire amenewa, ndipo nambala yachiwiri ya mndandanda iyenera kuwalemekeza.

Tibwerere ku 5,000,000 uja. Kuyaka ndi kuzima ka 200 pa sekondi diso silikuona mukayang'anitsitsa, koma mukagwedeza cholembera patsogolo pa sikirini yotere mumaona zolembera zambirimbiri zondondozana, ndipo kamera ya foni ina imaonetsa mizere yakuda ikuyenda. Anthu ena amadandaula kutopa kwa maso ndi mutu akakhalitsa pa sikirini yoteroyo, makamaka kuwala kukakhala kotsika, pamene nthawi ya mdima imatalika. Mu 2015 bungwe la IEEE linatulutsa malangizo otchedwa IEEE 1789, amene amaonetsa kuti nyale yozimiratu n'kuyakanso imafunika kuchita zimenezi koposa ka 1,250 pa sekondi kuti chiopsezo chikhale chochepa. Ndiye chitsanzo cha m'zolemba chija chiyenera kutengedwa ngati chitsanzo cha kalembedwe chabe. Wokopera nambala imeneyo osaganiza wapereka mutu waching'alang'ala kwa anthu amene sadzawaona.

Kukweza liwiro nakonso kuli ndi mtengo wake. Khutu la munthu limamva mpaka pafupifupi kugwedezeka ka 20,000 pa sekondi, ndipo nyale ikamathwanima ka 2,000 kapena ka 5,000, tizipangizo tina ta pa bolodi timayamba kulira kamluzu kosowetsa mtendere. Ambiri amathawira pa 20,000 kapena kupitirira, kumene khutu silifika. Koma kumeneko masitepe amachepa. Ngati wotchi ya chip imagunda ka 24 miliyoni pa sekondi, pa liwiro la 200 muli ndi timagawo 120,000 togawira kuwala, pamene pa liwiro la 20,000 mwatsala ndi 1,200 tokha. Timagawo totayikato ndi tomwe timafunika pansi paja, pa kuwala kwa usiku. Palibe nambala imodzi yoyenera zipangizo zonse. Injiniya ayenera kuwerenga buku la galasi lake ndi la kachipangizo kake, kuyesa, n'kusankha akudziwa chimene wataya.

Mizere yotsalayo tiidutse mofulumira. Pali mzere wa power-supply wotchula kumene magetsi a nyale akuchokera, ndi wa enable-gpios wotchula mwendo wa swichi yake. Pali mizere iwiri ya kudikira, umodzi poyatsa ndi wina pozimitsa, chifukwa magalasi ambiri amafuna kuti zinthu ziyake motsatana. Dongosolo likasokonekera mumaona sikirini ikung'anima mbee musanaone chithunzi. Palinso kachizindikiro konena ngati waya amayatsa nyale akakhala ndi magetsi kapena akakhala wopanda. Kameneko kakatembenuka, kamzere kamagwira chagada: mukakweza kukuda, mukatsitsa kukuwala.

A malaputopu a Intel ndi AMD musadabwe kuti za device tree simunazimvepo. Kwa inu kufotokozaku kumakhala m'dongosolo lina lotchedwa ACPI, limene wopanga laputopu amalisunga m'kati mwa makina, ndipo nalonso lili ndi mndandanda wa milingo ya kuwala. Likalembedwa mosasamala, mabatani a kuwala sagwira mukaika Linux, ndipo m'pamene anthu amawonjezera mawu akuti acpi_backlight poyatsa makina kuti asankhe njira ina yolamulira nyale. Mafoni ambirinso amagwiritsa ntchito ma driver ena osati pwm-backlight, okhala ndi mizere yonena malire a magetsi opita ku timababu. Mayina amasiyana, koma chogamulidwa n'chomwechi.

Kuyambira cha mu 2019, malamulo a kalembedwe ka mafayilowa anayamba kuikidwa m'njira yoti makina azitha kuwafufuza, ndipo pali lamulo lotchedwa dtbs_check limene limakuuzani ngati mwaiwala mzere kapena mwalemba mawu pamalo pa nambala. Ndi chida chothandiza kwambiri. Koma chimangoona kalembedwe. Mndandanda wa masitepe ofanana uja umadutsa bwinobwino, liwiro la 200 limadutsanso. Kuti sikirini ikuwerengeka dzuwa lili paliwombo mu Okutobala, kapena kuti siikuboola maso pakati pa usiku, woweruza wake ndi munthu wokhala ndi maso.

Nkhaniyi ikutikhudza ife kuno m'njira ziwiri. Yoyamba ndi ya amisiri athu. Galasi likasweka, lolowa m'malo mwake kawirikawiri limachokera ku fakitale ina, timababu take tingakhale tosiyana ndi toyamba tija, koma fayilo ya m'kati ikufotokozabe galasi lakale. N'chimodzi mwa zifukwa zimene foni yosinthidwa galasi nthawi zina imawala mosiyana ndi kale. Mmisiri wodziwa zimenezi amatha kufotokozera kasitomala wake zoona, m'malo mongokangana. Linux amagawidwa pansi pa chilolezo cha GPL, chimene chimafuna kuti wogulitsa chipangizo apereke zolemba za pulogalamuyo kwa amene wagula. Ine ndikuti mafayilo ofotokoza zipangizowa azitulutsidwa limodzi ndi zolembazo, poyera, kuti chipangizo chikafika kutali ndi fakitale chizithabe kukonzedwa.

Njira yachiwiri ndi ya achinyamata athu amene akuphunzira uinjiniya ku MUBAS mu Blantyre, ku MUST ku Thyolo ndi m'makoleji ena, komanso amene akudziphunzitsa okha pa timakompyuta ta Raspberry Pi. Timakompyuta timeneti timayendera device tree, ndipo zonse tanenazi mutha kuzigwira ndi manja. Pa makina a Linux oyaka, lowani mu sys, kenako class, kenako backlight. Ngati driver wa nyale alipo, mupezamo fayilo ya max_brightness yonena sitepe yapamwamba, ndi ya brightness imene mukalembamo nambala kuwala kumasintha pomwepo. Kufotokoza konse kwa bolodi yanu kuli mu proc, pansi pa device-tree, ndipo dtc yemwe uja amatha kubweza kafayilo ka makina kukhala mawu owerengeka.

Choncho inu amene mawa mudzapange makina oyezera odwala, oyezera mbewu pa msika kapena olipirira madzi, musadzakopere ndime ya nyale kwa mnzanu n'kupitirira. Werengani buku la galasi lanu. Sankhani liwiro losathwanima ndi losalira. Ikani masitepe ambiri pansi, ndipo onetsetsani kuti nambala yoyambira ndi malo a pa mndandanda. Mukatero tulukani nacho chipangizocho panja masana, mubwere nachonso m'chipinda chamdima usiku, mupatse munthu wachikulire ndi wachinyamata kuti awerenge, musanauze aliyense kuti ntchito yatha.